Mtumbira Wachisanu ndi Chiwiri Kuchokera Pamkuyu

Nkhamenya, Kasungu
14 Okutobala 2024

Okondedwa alamu anga a Estela,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwinoko, ndipo miyendo yaphwa. Ine ndi mwana wanu Luckson tili bwino. Moni kwa mpongozi wanu Betty, amene ndikudziwa kuti ndiye akuwerengereni. Betty, werenga mofatsa, usalumphe manambala.

Ntchito imene munatituma yatheka. Mlongo wanga Damiao, mwamuna wanu, tamutenga. Munati mukumamulota ataima pamvula kuesiteti kuja, ndipo simukufuna kutseka maso iye asanafike kumudzi. Afika mvula isanagwe.

Musadabwe kuti ndikulemba m'malo moimba foni. Tisananyamuke, a Xadreque, mkulu wa banja lathu, anandipatsa malamulo atatu a kwathu ku Zobue okatengera mzimu wa munthu wofera kutali. Loyamba, dothi litapidwe kumutu kwa manda, limangidwe m'nsalu yoyera. Lachiwiri, wonyamula dothilo asayankhule ndi munthu wamoyo mpaka atafika pakhomo. Lachitatu, pamtsinje uliwonse amuuze malemuyo dzina la mtsinjewo kuti awoloke nawo, chifukwa ukalumpha umodzi amatsala pomwepo. Kulemba sanaletse. Ndinawafunsa kawiri.

Pobwera ndinawerenga mitsinje kuchokera ku Thambani kufika kuno. Ilipo 74: ya madzi 31, youma 43. Mayina ndinapeza a 52, yotsalayo ndiziitchula ndi nambala.

Esiteti ija inatha. Pa zigafa 12 za fodya zatsala zitatu. Koma mkuyu wa kumanda a matenanti ulipo. M'buku langa la 1991, tsiku lija ndinafika maliro atachitika kale dzulo lake, ndinalemba kuti, "Damiao: mtumbira wachisanu ndi chiwiri kuchokera pamkuyu." Ndawerenga katatu. Mitumbira yonse isanu ndi iwiri ndi yaikulu mofanana, uliwonse mapazi anga asanu ndi atatu m'litali. Luckson anati, "Azakhali, mukawerenganso kachinayi adadi adzuka okha akwere galimoto." Ine ndinati, "Vula chipewa." Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa munthu wamoyo. Kenako ndinatapa dothi.

Kanyumba ka matayala kaja Luckson anabwera nako kuchokera ku Joni, kamene akuti kalavani, katithandiza. Kali ndi mawindo anayi, mabedi awiri ndi tebulo limodzi. Ine ndimakhala m'menemo ndi dothi, iye akukoka ndi pikapu. Paliponse pamene tadutsa anthu akukuwa kuti, "Nyumba ikuthawa!"

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki yopita kumalire, aisiye pa Boma ku Mwanza. Mundiuze ngati maloto aja asiya.

Ine mlamu wanu,
Orlanda


Mponela
17 Okutobala 2024

Alamu anga,

Moni nonse. Yankho sindinalandire, koma sindikudandaula, pakuti ifenso sitikudziwa kumene tigone mawa.

Dizilo wasowa. Pa Kasungu tinakhala masiku awiri. Pano pa Mponela pamzere pali magalimoto 113, ife ndife a nambala 88. Kuyambira m'mawa tasuntha kasanu ndi kamodzi, koma kawiri kanali ka anthu otopa amene achoka.

Mitsinje 19 tawoloka, sindinalumphe ndi umodzi womwe. Pa Bua ndinanena mokweza kuti, "Damiao, uno ndi Bua, woloka nafe." Ndikulemberani zinthu zitatu zimene ndaona, osati chifukwa ndikuopa, koma kuti zikhale zolembedwa.

Choyamba, mfundo ya dothi ndimaiika pakati pa bedi la kumanzere. Ndikaiyang'ananso ndimaipeza yasendera kuwindo. Ndinati ndi mabampu a mumsewu. Koma pano takhala chiimire, ndipo ndayeza ndi lula: dzulo inasuntha masentimita 11, lero 14.

Chachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana m'kalavani mumamveka fungo la chingambwe, ngati wina wangoyatsa kumene. Mukudziwa kuti Damiao sankasuta. Ankatsokomola ngakhale ndi utsi wa nyali. Ndikuganiza kuti dothi la kuesiteti linamwa fungo la fodya kwa zaka zambiri.

Chachitatu, likhweru. Dzuwa lili paliwombo, zitseko zili zotsegula, anthu akugulitsa nthochi panja, wina amaimba likhweru pafupi ndi khutu langa. Nyimbo yake ndi imodzimodzi, ya mizere inayi, ndipo sindikuidziwa. Mlongo wanga ndinamulera ndine. Sindikumbukira kuti ankatha likhweru. Kapena anaphunzira kuesiteti? Inu ndiye mungadziwe.

Orlanda


Thambani, Mwanza
18 Okutobala 2024

Amana Orlanda,

Ndine Estela, akundilembera ndi Betty. Tili moyo. Miyendo ndiye yomweyo, ndikumafika pakhonde basi. Kuno kwatentha, nandolo tamaliza kumenya, mitengo ya manachesi ikungodikira mvula.

Kalata yanu yoyamba yafika dzulo ndi wakabaza. Betty atafika pamene munati mitumbira yonse ndi yaikulu mofanana, ndinamuuza abwereze. Anabwereza. Amana, achemwali anga, mwatenga munthu wolakwika.

Chaka chija munawerenga bwino, inalidi isanu ndi iwiri. Koma iwiri mwa imeneyo inali ing'onoing'ono, ya ana. Manda a mwana sakhalitsa, mvula zitatu zinayi afafanizika. Ngati lero mwapeza yaikulu yokhayokha, ndiye kuti Damiao ndi wachisanu. Inu mwapitirira ndi iwiri.

Ndikudziwa chifukwa kamodzi ka timitumbirato ndi kanga. Luckson asanabadwe kunabadwa mtsikana, Dyna. Anakhala milungu isanu. Damiao anati tisakulembereni, poti munatiletsa kupita kufodya, mvekere, "Amana akamva adzatiwerengera zolakwa zathu kuyambira wani." Tinakhala chete, mpaka kukhala chete kunazolowereka. Ngakhale Luckson sadziwa. Betty akulira pano, akuti ndiime kaye.

Pambuyo pa Damiao tinaika mayi wina wa ku Thyolo, kenako a Timoti. Amenewo ndiwo muli nawo. Anali a ku Phalombe, cha ku Migowi, aatali, a mpata kumano, chingambwe sichichoka pakamwa. Chaka chilichonse ankati, "Ine fodya akangogulitsidwa ndikupita kwathu." Maliro awo sikunabwere m'bale ndi mmodzi yemwe.

Betty anakwera pachulu kusaka netiweki, tamuimbira Luckson. Wangoti, "Ndamva, ndiwauza," n'kudula. Mwana ameneyu ndinabala ndine, kuyankha kumeneko ndikukudziwa. N'chifukwa chake kalatayi tikuitumiza kwa Jane, mng'ono wake wa Betty amene amagulitsa mango pa Zalewa. Simungakhotere ku Mwanza osadutsa pamenepo.

Musawabweretse kuno osawafunsa, ndiponso musawataye panjira.

Estela


Lizulu, Ntcheu
21 Okutobala 2024

Alamu anga,

Moni. Masiku asanu ndi awiri tsopano opanda mawu ochokera kwanu. Ndikupemphera kuti kukhala chete kumeneku si kwa matenda.

Tinapeza malita 20 pa Mponela ndi ena 15 pa Nathenje. Lilongwe tinangodutsa. Pa Linthipe tayala la kalavani linaphulika, tinagona pomwepo. Mitsinje yakwana 47.

Luckson sakundisangalatsa. Kuyambira Lachisanu sakundiyang'ana kumaso. Foni ikalira amapita nayo kuseri kwa magolosale. Chakudya amangondiikira pakhomo la kalavani, salowanso. Mwina akuchita manyazi kuyenda ndi nkhalamba yoyankhula ndi dothi, kapena akangana ndi Betty. Betty, ngati ndi choncho, dikira tifike.

Lero m'mawa, cha m'ma 10, ndinatsika kuti ndiwongole miyendo pamsika. Mayi wina wogulitsa kachewere anandilondola ndi beseni lake.

"Agogo, gulani kachewere, nyumba yonseyi mukudyamo chiyani?"

Ndinaloza pakamwa panga, n'kupukusa mutu.

"Iii, pepani, kani ndi osayankhula. Achimwene, ndinu mwana wawo? Agulireni. Nanga abambo awo, paja akuti sadya kachewere?"

Luckson anati, "Abambo ake ati?"

"Awo anali pawindowo. Aatali, a mpata kumano. Nthabwala zake! Akuti kwawo kachewere ndi chakudya cha odwala, iwo ndi a kalongonda. Andifunsa ngati msewu uno ukufika ku Migowi. Ndawauza kuti ine malire anga ndi pa Ntcheu."

Luckson anagula beseni lonse osanenerera. Ine ndinalowa m'kalavani. Munalibe munthu. Mfundo ija inali pawindo penipeni, masentimita 52 kuchokera pamene ndinaisiya.

Alamu, Damiao anali wamfupi, ankandilekeza m'khutu. Mano ake anali othithikana. Ku Migowi sanapiteko. Ndatsegula buku langa la 1991 kasanu, ndipo palembedwa chimodzimodzi: wachisanu ndi chiwiri. Nambala ndi yoona. Nanga chalakwika n'chiyani?

Mitsinje ndikuitchulabe. Koma pa iwiri yomalizayi dzina la Damiao sindinalitchule, ndinangoti, "Bambo, tiyeni tiwoloke."

Orlanda


Phalula
22 Okutobala 2024

Amayi,

Ndi Luckson. Ndikulemba chifukwa ndikaimba foni Betty akungondikalipira, sakundipatsa mpata. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Mwanza.

Azakhali sindinawauze. Pepani. Ndinaganiza kuti dothi ndi dothi basi, la mtumbira uwu ndi la uwo kusiyana kwake n'chiyani? Inu mukanaona nsalu yoyera ikulowa pakhomo, mtima ukanakhala pansi, nkhani yatha. Komanso dizilo wake uti wobwerera ku Kasungu? Ndagona pamizere masiku asanu, amayi. Ndiye mumawadziwa azakhali. Munthu amene anandimenya ndi lula chifukwa cha seveni thayimusi eyiti, ndikamuuze kuti walakwitsa kuwerenga mpaka seveni?

Koma zinthu sizili bwino. Pikapu ikulemera ngati ndanyamula matumba a simenti. Dzulo pa Chingeni ndinayang'ana pagalasi, ndinaona chigongono cha munthu chili pawindo la kalavani, malaya a khaki. Ndinaima. Azakhali anali mbali inayo, akulemba. Pa Rivirivi ndinamva likhweru kumpando wa pambali panga, wailesi ili yothimitsa.

Ine za mizimu mukudziwa kuti ndinalibe nazo ntchito. Ndinabwera kuti inu musangalale. Koma munthu ameneyu si adadi, ndipo akudziwa kuti ine ndikudziwa.

Betty akuti palinso nkhani ina imene simunandiuze pafoni, akuti ili m'kalata ya kwa Jane. Nkhani yanji, amayi?

Mawa tifika pa Zalewa. Ndiwauza tisanakhote. Kapena titakhota.

Mwana wanu,
Luckson


Zalewa
23 Okutobala 2024

Alamu anga a Estela,

Kalata yanu ndalandira lero, 12 koloko itapitirira ndi mphindi 20. Ndiyambe ndi zimene zinachitika isanandipeze.

Mukudziwa kuti pano msewu wa ku Mwanza umakhotera kumanja, wina n'kupitirira kutsikira ku mlatho wa Shire. Luckson atakhota, ndinamva phokoso la chitsulo. Kalavani inamasuka. Pikapu inalowera ku Mwanza yokha, ine ndi kanyumba kanga tinapitirira molunjika ku Shire, pang'onopang'ono, ngati pali wina akuwongolera. Azimayi a mango anabalalika. Wakabaza wina anakuwa kuti, "Agogo, gwirani buleki!" Inakaima yokha pambali pa msewu. Ndayeza: mapazi 46. Luckson akulumbira kuti loko anamanga yekha m'mawa, ndipo tcheni sichinaduke. Chinachita kumasulidwa.

Ndili chikhalire, Jane anafika ndi kalata yanu m'manja.

Ndaiwerenga kawiri. Zaka 34 ndinaphunzitsa masamu, ndipo mwana aliyense ndinkamuuza kuti asamalembe nambala yokha, azilemba kuti ndi nambala ya chiyani. Ine ndinalemba "wachisanu ndi chiwiri" osalemba kuti iwiri inali ya ana. Ndinaiona, alamu. Ndikuikumbukira tsopano, kamodzi kanali ndi kapu yapulasitiki pamwamba. Sindinafunse kuti ndi ya yani. Mukanandiuza tsiku limenelo mwina ndikanayankhuladi zimene Damiao ankaopa. Pepani chifukwa cha Dyna.

Ndinatseka chitseko, ndinagwada pafupi ndi mfundo ija, ndinati, "A Timoti, pepani. Ndakuwolotsani mitsinje 61 ndikukuyesani munthu wina." Fungo la chingambwe linadzaza m'kalavani monse mpaka maso anga analuma. Kenako linatha.

Kalata yanu ndinampatsa Luckson. Anaiwerenga ataima, kenako anakhala pansi pafumbi. Anati, "Azakhali, ndinali ndi mlongo?" Anauliranso yekha kuti uthenga wanu anaulandira Lachisanu. Sindinamulembere mawu okalipa. Wolakwa woyamba ndine.

Tagwirizana izi, ine polemba, iye poyankhula. Munthu ndamuchotsa pamene anagona zaka 33, sindingamusiye pamphambano, ndipo kwa eni ake ndi kutsidya. Ndikwera minibasi, ndiwoloka nawo Shire mpaka ku Migowi. Mudzi wawo sindiudziwa, mitsinje ya kumeneko sindinaiwerengepo. Ndalemba pepala lofunsira anthu.

Luckson akubwerera ku Kasungu ndi pikapu yokha, kalavani aisiya kwa Jane. Ndamupatsa mndandanda wanga wa mitsinje ndi malamulo atatu aja. Nsalu yoyera inatsala ndaing'amba pakati. Akatape pa mtumbira wachisanu, akatapenso pamalo pafulati pa Dyna, pamene inu mumuuze pafoni asanayambe kukhala chete. Ndinamulembera kuti, "Utha kukhala osayankhula, iwe wolongolola?" Anati, "Ndakhala chete masiku asanu ndi bodza, azakhali. Ndi zoona ndilephera?"

Gwiritsitsani, alamu. Mitambo yayamba kusonkhana cha kwanuko, ndikuiona pano.

Orlanda


Migowi, Phalombe
25 Okutobala 2024

Alamu anga,

Ndafika, ndipo pakamwa panga patseguka.

Mitsinje inali 23. Mayina ndinkawerenga pazikwangwani, popanda chikwangwani ndinkangoti, "A Timoti, kwanu kuno, mukuudziwa ndinu." Mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu kuchokera ku Limbe, ngakhale kondakitala anapanikiza anthu anayianayi m'mizere ina yonse.

Pepala lofunsira lija silinagwire ntchito. Nditangotsika, mayi wina wachikulire amene anakhala pansi pa mtengo pasiteji anaimirira, n'kubwera molunjika kwa ine.

"Ndinu a ku Mwanza? Mwachedwatu. Ine lero ndi tsiku lachinayi ndikubwera pano."

Ndinamuonetsa mfundo ija.

"Ndine Enelesi, mlongo wawo wa a Timoti. Anandiuza kutulo kuti ali m'njira ndi mayi wina waulemu koma wamakani, amene akuwatchula dzina la eni. Akuti nyumba yake yoyenda ndi yabwino, koma mulibe moto woyatsira fodya."

Tinayenda wapansi mphindi 40. Nditaika mfundo ija pakhonde pawo, ndinati, "Ndawapereka." Mawu anatuluka ngati a chule. Anthu analira, kenako anaseka.

Andikaniza kuchoka mpaka mwambo wawo utatha Lamlungu la sabata yamawa. Za Luckson sindinamve kanthu. Ndilembereni kudzera kwa Jane.

Orlanda


Thambani, Mwanza
1 Novembala 2024

Amana Orlanda,

Ndi Estela, cholembera chili ndi Betty. Zikomo chifukwa cha a Timoti. Ankandibwereka mchere.

Luckson wafika dzulo masana. Masiku anayi sanayankhule ndi munthu. Pa Boma anzake a kumalire anamuimitsa, mvekere, "Wa ku Joni, wayamba matama?" Iye anangowaonetsa pepala. Betty anakamuchingamira kumtsinje wathu wa kumunsiku, womaliza uja. Akuti Luckson anaimitsa galimoto, anatsika, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Adadi, uno ndi womaliza. Dyna, gwira adadi, tiwoloke."

Kalavani, imene anaitenga kwa Jane pobwera, anaiimika pansi pa manachesi. A Xadreque anati mfundo ziwirizo zikhale m'menemo mpaka abale asonkhane Loweruka. Anthu atabalalika ndinatsala ndekha pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zili phee pamthunzi. Ndiye ndinamva mwana akulira m'kalavani. Kulira kwa khanda, amana, kopyapyala, kokhala ngati kwa mwana wa mbuzi. Ndinamuitana Betty. Betty, lemba kuti nawenso unamva. Akuti anamva.

Kenako kunamveka kutsokomola, kuja kwa mlongo wanu, ndi mawu apansipansi omutonthoza. Mwana sanatonthole. Bambo ake sankatha kutonthoza mwana ndi kale lomwe.

Miyezi isanu sindinatsike pakhonde pano. Dzulo ndatsika. Betty akuti ndikuuzeni kuti anawerenga, poti mudzafunsa: mapazi 27. Ndinatsegula chitseko, ndinakhala pabedi, kamfundo kakang'onoko ndinakaika pamiyendo, n'kuyamba kukagwedeza. Kanali kofunda.

Anatonthola.

Mvula yayamba kuwaza pamene tikulemba pano. Bwerani, amana, mudzamuone mwana wa mlongo wanu.

Estela